MAU A MLANGIZI: Kodi Agalu Anu Ali Kusewera Kapena Ali Kumenyana?

Abale anga alimi, sabata yatha ndinali pa msika wa Nkhata Bay tsiku lofika Ilala. Pafupi ndi amayi ogulitsa usipa, agalu awiri anali kugwetsana m'fumbi ndi phokoso lalikulu. Anthu anabalalika, ena natola miyala, koma agaluwo anali kungosewera. Chapatali pang'ono agalu ena awiri anaima chete pa mutu wa batala umene wina anataya. Palibe anawasamala. Koma ndiwo amene analumana, ndipo mnyamata amene anafuna kuwalekanitsa ndi manja analumidwa pa dzanja.

Tsono phokoso lokha silidzakuuzani kanthu. Penyani thupi la galu.

Galu wofuna masewera amagwada ndi miyendo yakutsogolo, chifuwa pansi, mbuyo m'mwamba, uku ali kugwedeza mchira. Thupi lake ndi lomasuka, ndipo amalumpha cham'mbali ngati mwana wa mbuzi. Agalu osewera amasinthana: amene anali kuthamangitsa mnzake amayamba kuthamangitsidwa, ndipo wamkulu amagona chagada dala kuti wamng'ono amkwere. Amapumira pang'ono, nayambanso. Angadzume, angagwirane pakhosi, mano salowa m'thupi.

Galu wofuna ndewu amauma thupi lonse. Ubweya wa pamsana umaima, mchira umakhala njo, milomo imakwinyika mano naonekera, ndipo amayang'anitsitsa mnzake osaphethira. Mukaona wina wapinda mchira pakati pa miyendo, ali kulira ndi kufuna pothawira, koma mnzake osamleka, dziwani kuti masewera atha.

Mukakayika, itanani galu amene ali kupambana, mumsunge pambali kanthawi. Winayo akabwera yekha kudzamputa, anali masewera. Akathawa nakabisala kunsi kwa nkhokwe, anali kuvutitsidwa.

Ndewu zambiri za pakhomo zimayambira pa chakudya. Musataye mkute kapena mitu ya nsomba pamalo amodzi. Patsani galu aliyense mbale yake, motalikirana. Chenjeraninso galu wamkazi akakhala pa nyengo yofuna amuna, ndiponso akaswa ana. Uzani ana anu kuti asayandikire galu amene ali kudya kapena kuyamwitsa.

Agalu akagwirana ndithu, musalowetsepo dzanja, pakuti pa ndewu galu sazindikira mbuye wake. Athireni ndowa ya madzi, menyani chitini, kapena ikani thabwa pakati pawo. Chotsani ana msanga.

Koma pali ukali wina umene suchokera ku chakudya, ndiwo wa chiwewe. Galu wofatsa akasanduka mwadzidzidzi, naluma mitengo, miyala ndi anzake omwe, ali kuchucha dovu, mau ake atasintha, musamkhudze. Wina sakalipa konse, amangofooka, chibwano chili lende. Uzani a mfumu ndi mlangizi wa ziweto nthawi yomweyo.

Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo mwa odwala 100, mpaka 99 amachitenga kwa agalu. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro, kuchira kulibe. Koma katemera alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe.

Chifukwa chake munthu akalumidwa, kapena kukandidwa kumene, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musapakepo dothi kapena zitsamba. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Ngati galuyo ndi wanu ndipo aoneka wabwino, mumangirireni masiku 10, kumpatsa chakudya ndi madzi, kuti a ziweto amuone. Koma wolumidwayo asadikire masiku amenewa.

Pomaliza, pakalengezedwa tsiku la katemera wa agalu, pitani nawo onse, ndipo sungani bwino kalata yake. Agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, nthendayi imasowa podzera. Galu ndiye mlonda wa khola lanu ndi munda wanu wa chinangwa. Msamaleni, nayenso adzakusamalani.

Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mlangizi