Nkhani Zapafoni Zizikhala ndi Tsiku ndi Ola ku Chigwa cha Shire

Kale munthu wa ku Nsanje ankadikira basi yochokera ku Blantyre kuti aone nyuzipepala, ndipo pomadzaigwira m'manja nkhani zake zinali zitagona kale. Lero nyumba zofalitsa nkhani monga Times, Nation, Zodiak ndi MBC zili ndi masamba pa intaneti, ndipo nkhani zimangodzilowera m'foni, ina pambuyo pa inzake, monga ngolo za thonje pamsika wa Ngabu. Wowerenga sachita kuzifunafuna. Ikamgwira mtima imodzi, amaitumiza kwa abale ake pa WhatsApp nthawi yomweyo.

Luso limeneli silinayambe dzulo. M'chaka cha 1999 kampani ya Netscape ku America inatulutsa njira yotchedwa RSS, yothandiza munthu kusonkhanitsa pamalo amodzi mitu ya nkhani za masamba ambiri. Ubwino wake waukulu unali wakuti nkhani zinkandandalikidwa motsata nthawi, yatsopano pamwamba, yakale pansi. Koma Facebook itayambitsa mndandanda wakewake mu 2006, ndipo Google itatseka Google Reader mu 2013, anthu ambiri anatengeka ndi njira ina. Tsopano makina ndiwo amasankha chimene munthu aone poyamba, ndipo amakondera nkhani imene yakopa anthu ochuluka, kaya ndi ya lero kaya ndi ya dzana.

Kwa munthu wa ku Lilongwe izi sizidetsa nkhawa kwenikweni. Akamva mochedwa za mpira wa Bullets ndi Wanderers sataya kanthu. Ku Chikwawa ndi Nsanje nkhani ndi ina. Madzi amene amasakaza kumeneko kawirikawiri si a mvula ya pompo. Mvula imagwa kumapiri a Mulanje, Thyolo ndi Mwanza, kenaka mitsinje ya Ruo ndi Mwanza imatsitsira madziwo m'Shire, mwina usiku anthu ali m'tulo. Choncho mlimi wa ku Makhanga amafuna kudziwa zinthu ziwiri zokha: madzi afika pati, nanga amene akunenayo anawaona nthawi yanji?

Apa ndiye pagona vuto. Nkhani ikachoka patsamba lake nkulowa m'magulu a WhatsApp, tsiku lake limatsalira m'mbuyo. Chithunzi cha madzi osefukira a mu Januwale 2015 sichisiyana ndi cha namondwe Idai wa mu 2019, Ana wa mu 2022 kapena Freddy wa mu 2023: denga loonekera pang'ono pamadzi, amayi ndi ana m'bwato, chimanga chitagona. Banja likathawira kumtunda chifukwa cha chithunzi chakale, nkusiyira akuba mbuzi ndi nkhuku, tsiku limene chenjezo lenileni lidzafike lidzayamba lakayika. Choopsa koposa ndi uthenga wadzana wonena kuti madzi aphwa, umene ungabweze munthu kudimba pamene mtsinje ukudzazanso.

Ena amati mankhwala ake ndi lamulo, popeza dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 loona za mauthenga a pa intaneti. Lamulo lingagwire wabodza wochitira dala, koma azakhali a ku Ndirande amene atumiza chithunzi chakale kwa abale awo ku Chiromo sali abodza ai. Atumiza chifukwa cha chikondi ndi mantha, ndipo panalibe chowauza kuti chithunzicho nchakale.

Udindo tsono uli m'manja mwa olemba. Atolankhani, nthambi yoona zanyengo, ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, azilemba malo, tsiku, ola ndi dzina la ofesi yawo m'chiganizo choyambirira chenicheni cha uthenga, ndiponso azidinda tsiku pachithunzi pomwepo, kuti uthengawo uziyenda nazo kulikonse kumene upite. Uzikhala waufupi, wa m'Chichewa ndi m'Chisena, wosalira kanema. Ndalama za intaneti nzovuta, ndipo nthawi ya namondwe magetsi sadalirika. Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linagona mumdima, ndipo foni imene inatsala ndi moto pang'ono sikanatha kutsegula kanema.

Komanso si onse ali ndi foni ya intaneti. Ambiri m'chigwamo amamva chenjezo kudzera pa wailesi za m'madera monga Nyanthepa ndi Gaka za m'boma la Nsanje, kapena kwa makomiti a m'midzi oona za ngozi, amene amayenda ndi wenzulo ndi chimkuzamawu. Anthu amenewanso nthawi zina amayamba kuona uthengawo pafoni. Wapampando wa komiti akalandira chenjezo pakati pa usiku, ayenera kusankha msanga kudzutsa mudzi wonse kapena kuusiya ugone, ndipo sangathe kusankha bwino popanda kudziwa ola limene chenjezolo linalembedwa.