Khoswe wakhala pa mkhate

Pitani mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe, mukampeza mnyamata uja wa kakompyuta kothaitha, akuthira nyimbo za oimba athu m'mafoni a anthu pa mtengo wosakwana wa mtolo wa nkhuni. Kwa zaka zambiri takhala tikumutchula dzina limodzi basi: mbava. Ineyo ndamutchula choncho, ndipo sindibweza mawu, pakuti wadya thukuta la eni. Koma lero ndifunse, abale anzanga: nanga munthu wovala suti amene wakolola mabuku mamiliyoni popanda odi, timutche ndani?

Nkhani ili mkamwamkamwa m'makhoti a ku America ndi ya makina a AI, aja amayankha mafunso ndi kulemba nkhani ngati munthu. Makinawa sabadwa ndi nzeru ayi. Amadyetsedwa zolemba za anthu, mabuku, nyuzipepala, ndakatulo, kufikira atazolowera m'mene mawu amatsatirana. Mu Disembala 2023 nyuzipepala ya New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft pa nkhani yomweyi. Alembi atatu nawo anasumira kampani ya Anthropic, ndipo mu Juni 2025 woweruza William Alsup anagamula pawiri. Iye anati kuphunzitsa makina ndi mabuku ogulidwa bwinobwino ndi fair use, ndiye kuti lamulo la kwawoko limalola popanda kupempha mwini. Koma kusunga mabuku oposa 7 miliyoni otengedwa m'nkhokwe za akuba pa intaneti, apo anati pali mlandu. Mu Seputembala 2025 kampaniyo inavomera kulipira madola 1.5 biliyoni, pafupifupi madola 3,000 pa buku lililonse mwa mabuku pafupifupi 500,000.

Ena aomba m'manja kuti chilungamo chayenda ngati madzi. Dikirani kaye. Kuti buku liwerengedwe pa chipukutamisozi chimenechi, linayenera kukhala lolembetsedwa ku ofesi ya kopiraiti ya ku America. Tsono mlembi wa ku Ntcheu amene anasindikitsa kabuku kake ku Blantyre ndi ndalama ya katapila, ofesi imeneyo anaionera kuti? Ngati kabukuko kali m'mimba mwa makina, iyeyo sadzadziwa, ndipo ngakhale atadziwa, loya wa ku San Francisco amulipira ndi chiyani, mbatata?

Chimandiwawa ine n'chakuti eni mwambowu ndiwo akuuphwanya. Mu 1995 pangano la TRIPS linayamba kugwira ntchito pansi pa WTO, ndipo maiko osauka tinaphunzitsidwa ngati ana a sukulu ya Sande kuti luso la munthu ndi katundu, kulitenga n'kuba. Mu 1998 America inaonjeza zaka 20 pa nthawi ya umwini, kotero kuti Mickey Mouse wa mu 1928 anamasuka mu 2024, patatha zaka 95. Pamene luso linali lawo, mpanda unakwezedwa mpaka kumwamba. Lero pamene akufuna luso la dziko lonse kuti adyetse makina awo, akuti mpanda ukutchinga chitukuko. Akuluakulu sananame, khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Sikoyamba izi. Mu 1939 Solomon Linda anajambula nyimbo yake ya Mbube ku Johannesburg n'kupatsidwa mashereni 10. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasintha dzina kukhala The Lion Sleeps Tonight, inalowa mufilimu ya Disney ya The Lion King mu 1994, n'kulemeretsa anthu amene Chizulu sachidziwa n'komwe. Mwini wake anamwalira mu 1962 ali mmphawi. Ana ake anadzaona kangachepe mu 2006, atachita kusuma. Inde mlandu suola, koma zaka 44 mwini ali m'manda si chilungamo choti tizinyadira.

Ndikudziwa zimene anzanga ena ophunzira anena. Akuti makinawa amaphunzira monga momwe ine ndinaphunzirira kulakatula powerenga alakatuli akale, ndipo palibe anandilipiritsa. Zoona, koma buku ndinawerengalo linagulidwa, kaya ndi sukulu kaya ndi laibulale, ndipo ine sindingalembe ndakatulo chikwi pa ola limodzi n'kudzaza msika wonse mpaka aphunzitsi anga kusowa pogulitsa zawo. Akutinso tikakaniza zolemba zathu, makinawa adzalankhula Chingerezi chokhachokha, Chichewa n'kutsala m'mbuyo. Mfundo iyi ndi yolemera, ndipo sindiikana. Inenso ndikufuna mayi anga kumudzi adzafunse foni za matenda a chimanga m'chinenero chawo n'kuyankhidwa zomveka. Koma kufuna kuti mlendo alowe m'nyumba si kunena kuti alowere pa zenera. Kwathu kuno mlendo amati odi, mwini nyumba amati lowani, kenaka nkhani ya mtengo imakambidwa anthu atakhala pansi.

Tsono tichitenji? Tili nalo lamulo la kopiraiti la mu 2016, koma linalembedwa makina awa asanafike m'manja mwa aliyense. Aphungu athu alione mwatsopano, linene poyera kuti wofuna kudyetsa makina ndi zolemba, nyimbo kapena mawu a aMalawi pofuna phindu ayambe wapempha. Maiko a ku Ulaya, mwa lamulo lawo la AI la mu 2024, akakamiza makampani kuulula mwachidule zimene anadyetsa makina awo. Ifenso tifunse zomwezo, ndipo popeza Malawi payekha mawu ake safika patali, tikafunsire pamodzi ndi anzathu a mu SADC ndi African Union. Bungwe la COSOMA, limene lakhalapo kuyambira mu 1992, ntchito yotolera ndalama za aluso likuidziwa. Likhale pansi ndi Malawi Writers Union, alembe m'kaundula mabuku ndi nyimbo zathu zonse, kuti tsiku lokambirana mtengo tisadzapite chimanjamanja, aliyense payekhapayekha.

Ndipo inu alembi ndi oimba anzanga, lekani kusaina mapepala osawerenga chifukwa choti mwaona envelopu. Linda anasainanso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mukupotamu ndi mwathu.