Penti ikuwala, koma tiyeni tisuzumire pansi

Injini ya V8 yakale ikamalira galimoto ili chiimire, imagunda modukizadukiza ngati ikufuna kuzima, thupi lonse likunjenjemera, utsi wa petulo ukutsamwitsa amene aima kumbuyo. Ikanakhala galimoto ina tikanaitana makaniki. Koma kwa okonda magalimoto amene Aamereka amawatcha muscle car, kugundako ndiye chokoma chake, ndipo ine ndili nawo m'gulu lomwelo, sindibisa.

Nzeru yake inali yachidule: tenga injini yaikulu, uiike m'galimoto yocheperapo ya zitseko ziwiri, ugulitse pamtengo woti mnyamata wapantchito akwanitse. John DeLorean ndi anzake ku Pontiac anachita zimenezi ndi GTO ya 1964, ndipo makampani enawo anathamangira komweko. Chrysler inabwera ndi injini ya 426 Hemi, ya malita 7. Injini imodziyo ndi ya ma Vitz a lita imodzi asanu ndi awiri. Phwandolo silinakhalitse. Makampani a inshuwalansi anakweza mitengo, malamulo a utsi anakhwima, Hemi inalekeka pambuyo pa 1971, kenaka mu 1973 mafuta anasowa ndi kukwera mtengo. Magalimoto ambiri otere anathera kuseri kwa nyumba, udzu ukumera pansi pake.

Masiku ano omwewo abwerera akuwala kuposa tsiku limene anatuluka m'fakitale. Apa ndi pamene ndimayamba kukayika, chifukwa pa galimoto ya zaka zoposa 50, penti ndi chinthu chosavuta kunamiza nacho munthu.

Mdani wa magalimoto amenewa ndi dzimbiri. Kumpoto kwa America amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndipo mcherewo umadya pansi popondapo mapazi, pansi pa buti, m'mbali mwa matayala am'mbuyo ndi m'munsi mwa galasi lam'mbuyo pomwe madzi amadikha. Wokonza wachilungamo amaphwasula galimoto yonse, amapala penti mpaka chitsulo chionekere, amadula chowola n'kuwotchererapo chatsopano. Ntchito yake imatha zaka, ndipo nthawi zambiri ndalama zolowapo zimaposa mtengo umene galimotoyo ingagulitsidwire. Wachinyengo amangomata pobowokapo, kusalaza, n'kupopera penti yofiira. Pa chithunzi ntchito za anthu awiriwa sizisiyana. N'chifukwa chake ogula ozindikira amayenda ndi kamaginito m'thumba: pomwe pamatidwa mochindikala, maginito sagwira. Amafunsanso zithunzi za nthawi imene galimotoyo inali yovulidwa penti, ndipo sachita manyazi kugona chagada n'kuunika pansi ndi tochi.

Chikatha chitsulo, pamabwera nkhani ya manambala. Mtengo weniweni uli pa funso lakuti: injini ili m'katiyi ndi yomwe inabadwa ndi galimotoyi? Nambala yodindidwa pa injini ndi pa giyabokosi iyenera kugwirizana ndi ya thupi. Pa magalimoto a Dodge ndi Plymouth pali kachitsulo pansi pa boneti kolembedwa mtundu wa penti ndi zida zimene anaikamo, ndipo nthawi zina kapepala ka ku fakitale kamapezeka katabisala pansi pa mpando. Kapepala kothimbirirako kangathe kusintha mtengo kuposa penti yonse. Mu 2014, ku Seattle, Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 ya denga lopinda inagulidwa madola 3.5 miliyoni, chifukwa zoterozo zinapangidwa zochepa zedi ndipo iyo inali ikadali ndi injini yake yoyamba. Plymouth Barracuda wamba, m'bale wake wa 'Cuda, woikidwa Hemi pambuyo pake amalira chimodzimodzi, amathamanga chimodzimodzi, koma mtengo wake suyandikako n'komwe.

Pomwe pali ndalama zotere, akathyali sasowa. Okonda magalimotowa amaseka okha kuti ma Chevelle SS ndi ma GTO alipo ambiri lero kuposa amene anapangidwa. Zizindikiro zake zimagulidwa m'sitolo. Ngakhale thupi lonse latsopano la Mustang ya 1967 limagulitsidwa, lopangidwa ndi chilolezo cha Ford. Ndiye munthu akati "ndaikonzanso," pena ndimafuna kufunsa kuti chakale chatsalapo n'chiyani.

Mbali ya okonza achilungamo nayonso ili ndi misala yake. Pa mipikisano yoonetsa magalimoto, ena amafika pojambulanso timizere ta choko timene anthu a m'fakitale ankalemba pa zitsulo zapansi, n'kupoperanso penti yotayikira pomwe inkatayikira kalelo. Luso lake ndimaligomera. Koma galimotoyo ikatha, imanyamulidwa pa ngolo kupita ku chionetsero, n'kubwerera pa ngolo yomweyo. Injini ya malita 7 yomwe ikuopa fumbi imandimvetsa chisoni.

N'zochititsa chidwi kuti imodzi mwa ma Mustang okwera mtengo koposa sinakonzedwenso n'komwe kuti iwale ngati yatsopano. Ndi yobiriwira ya 1968 imene Steve McQueen anayendetsa mu filimu ya Bullitt, akuthamangitsana ndi Dodge Charger yakuda m'zitunda za San Francisco. Banja lina linaigula mu 1974, n'kumaiyendera ngati galimoto yapakhomo. McQueen analemba kalata mu 1977 kupempha kuti amugulitse, koma anamukaniza. Itaonekeranso ku Detroit mu 2018, penti inali yosuluka, zitsulo zomangirapo makamera zikadali pomwe anaziwotcherera. Mu Januwale 2020 inagulidwa madola 3.74 miliyoni ku Kissimmee, ku Florida. Akanaipopera penti yatsopano, akanafuta chimene ogulawo ankalipirira.

Ndikanapatsidwa mwayi wosankha, sindikanatenga ya mamiliyoni kapena ya pa ngolo ija. Ndikanatenga Charger ya chitsulo chabwino, yokonzedwa ndi munthu wosabisa malisiti, ngakhale injini yake itakhala yochokera m'galimoto ina. Ndikanasinthanso mabuleki, chifukwa ambiri mwa magalimotowa anatuluka ndi mabuleki a dilamu amene amafooka akatentha, ndipo kuima kunali kovuta kuposa kuthamanga. Oweruza a pa chionetsero andichotsere mamalikisi awowo, bola ndizitha kutsetsereka nayo phiri.