Vaneti Ikayamba Kubuula, Tisakweze Wailesi

Nyengo yokolola yapitayi, vaneti ya pasukulu pathu pano inayamba kubuula nthawi iliyonse ikamakhota pageti. Tonse tinalimva phokosolo. Oiyendetsa alipo atatu, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake wanena kale. Mafuta a chiwongolero akachepa tinkangowonjezera n'kunyamuka. Patapita milungu 6, pampu inafa pamsewu wa ku Chadiza vaneti itasenza matumba a soya, ndipo chiwongolero chinalimba moti kukhota kunafuna mphamvu za manja onse awiri. Makanika anapeza kuti gwero la zonsezi linali kapaipi kamphira kong'aluka. Tikadasintha kapaipi kokhako, koma tinagula pampu yonse.

Tikulemba izi chifukwa ambiri mwa inu amene munamaliza maphunziro muli ndi Hilux, Isuzu KB kapena Hardbody yakale, yanuyanu kapena ya kopaletivu. Maganizo athu ndi akuti mlimi ayenera kutchera khutu ku galimoto monga achitira ndi ng'ombe yake. Ng'ombe ikaleka kubzikula sitidikira kuti igwe pansi. Nanga bwanji galimoto ikalira timakweza wailesi?

Chimene chimapeputsa chiwongolero si chachilendo. Injini imazungulitsa pampu ndi lamba, pampuyo imakankha mafuta m'mapaipi, ndipo mafutawo ndiwo amathandiza manja athu kutembenuza matayala. Mavaneti ena atsopano ali ndi chiwongolero chamagetsi chopanda mafuta, koma ambiri oyenda m'midzi mwathu ndi a mafuta. Choncho phokoso likamveka, poyambira ndi patatu: lamba, mafuta ndi mapaipi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Phokoso lokhala ngati kulira kwa kankhumba, lomveka polizitsa injini m'mawa kapena pokhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, kawirikawiri limachokera ku lamba wakhwepa kapena wotha. Kubuula kumene kumakula mukaponda moto kumasonyeza kuti mafuta achepa kapena mwalowa mpweya. Tsegulani kachitini ka mafutawo: mukaona thovu, mpweya ukulowa pakapaipi kong'aluka kapena pachomangira chomasuka. Mafuta akada n'kumanunkha kupserera, atha ntchito. Mukaonamo tizitsulo tonyezimira, pampu yayamba kudyeka. Koma kugogoda komveka podutsa m'maenje, monga a misewu ya kumidzi ya ku Vubwi, si kwa pampu. Yang'anani ma tie rod ndi ma ball joint.

Zambiri mwa izi mlimi angathe kukonza yekha. Mangani lamba kapena musinthe. Sinthani kapaipi kodontha, pakuti mafuta a chiwongolero satha okha ngati dizilo; akachepa ndiye kuti akutuluka penapake, ndipo akadonthera pa ekizozi yotentha angathe kuyaka. Thirani mafuta olembedwa pachitsekerero kapena m'buku la galimotoyo. Ma Hilux ambiri akale amafuna ATF, mafuta ofiira aja. Mafuta a mabuleki musathiremo ngakhale dontho, chifukwa amatupitsa timphira totseka mafuta n'kuwononga zonse. Pochotsa mpweya, kwezani matayala akutsogolo ndi jeke, ikani zochirikiza zolimba, ndipo injini ili chozima tembenuzani chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka kumapeto kokwana 20, mukuwonjezera mafuta. Kenaka lizani injini ndi kubwereza mpaka thovu litatha. Phokoso likapitirira pambuyo pa zonsezi, pamenepo pitani nayo kwa makanika.

Tiyeneranso kuvomereza kuti mapampu ambiri timapha tokha. Vaneti ya tani imodzi inapangidwira matumba pafupifupi 20 a makilogalamu 50, koma popita kudepoti ya FRA timakweza 30, pamwamba n'kukhalanso anthu. Matayala akutsogolo timayenda nawo opanda mpweya wokwanira. Potembenuka pamalo opanikiza, monga kumsika wa Kapata, timakanikiza chiwongolero kumapeto kwa nthawi yaitali pampu ikulira. Masekondi ochepa okha ndiwo oyenera.

Ena adzati: ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka, ndipo galimoto yobuula imayendabe. Adzatinso makanika ena, ukangotchula phokoso, amathamangira kunena kuti pampu yafa. Zonse ziwiri n'zoona, koma zikutsimikiza mfundo yathu. Wosauka ndiye sayenera kudikira kuti vuto la kapaipi lisanduke vuto la pampu. Ndipo mlimi amene afika ku Down Shops atadziwa kale kuti m'kachitini muli thovu ndi kuti kapaipi kanyowa, n'kovuta kumugulitsa chinthu chimene sakuchifuna.

Tisaiwalenso kuti vaneti ya m'mudzi sinyamula nshawa ndi fetereza zokha. Ndi yomweyo imene imathamangitsa mayi wodwala usiku ku chipatala cha Mwami kapena cha St Francis ku Katete. Pamavaneti ena lamba mmodzi yemweyo amayendetsanso pampu ya madzi ndi alternator, kotero pampu ya chiwongolero ikagwira n'kudula lamba, injini imatentha ndipo ulendo umathera pomwepo.

Pasukulu pano taikamo kabuku m'vaneti. Aliyense woyendetsa amalemba tsiku, phokoso limene wamva ndi mafuta amene wathira, ndipo Lolemba lililonse ophunzira awiri amatsegula boneti galimoto isananyamuke. Tikupempha makopaletivu achite chimodzimodzi, ndi kupatula kandalama pa ulendo uliwonse kaamba ka zokonzera. Wonena za phokoso asadzudzulidwe ngati kuti ndiye wawononga galimoto, pakuti kuopa chidzudzulo n'kumene kunatseka pakamwa oyendetsa athu atatu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna; ifenso pampu yathu inafa tonse tikumva.