Mwana wa autism si wamwano

Akonzi,

Ndakhumudwa ndi nkhani yomwe munasindikiza sabata yatha yokamba za ana "osamva" m'kalasi. Mlembi wanu anaphatikizamo ana a autism, n'kunena kuti mankhwala awo ndi chikwapu basi. Ndine kholo la mwana wotere, ndipo mawu amenewo andipweteka.

Ambiri mwa anawa makutu awo ndi abwinobwino, ndipo ena amadziwa mawu ochuluka kuposa anzawo. Pamavuta n'posankha tanthauzo logwirizana ndi chiganizo chonse. Ife tikamva kuti mtengo wa feteleza wakwera, sitiganizako n'komwe za mtengo wa m'nkhalango. Mu 1983, Uta Frith ndi Maggie Snowling ku Britain anapatsa ana ziganizo zokhala ndi mawu olembedwa chimodzimodzi koma a matanthauzo awiri. Ana a autism kawirikawiri ankatsata tanthauzo lozolowereka, osalabadira zomwe chiganizocho chikunena. Mu 2004, gulu la Marcel Just ku Pittsburgh linajambula ubongo wa anthu a autism akuwerenga. Poyerekeza ndi anthu ena, mbali ya Wernicke, yomwe imathandiza kumva liwu lililonse palokha, inkagwira ntchito kwambiri, pamene ya Broca, yolumikiza mawu kukhala chiganizo, inkagwira mochepa.

Ndiye taganizirani chinenero chathuchi, chodzaza ndi zining'a ndi kulankhula mokuluwika. Mwana wanga nditamuuza kuti akataye madzi tisanagone, anakakhuthula ndowa yonse ya madzi akumwa, n'kubwera akumwetulira kuti wagwira ntchito. Kunyumba tinaseka. Koma kusukulu mphunzitsi akakwiya n'kunena kuti "pitirizani kulongolola, mukuchita bwino", mwana wotere amapitirizadi, poti wauzidwa. Kenako ndodo. Walakwa chiyani pamenepo? Leo Kanner, dokotala amene analemba za ana 11 a autism mu 1943, anaona kale kuti amatenga mawu monga momwe anenedwera. Papita zaka zoposa 80, nyuzipepala yathu ikutchabe zimenezi mwano!

Si onse amene ali chimodzimodzi ayi. Ambiri amaphunzira zining'a munthu akawamasulira chimodzichimodzi, ndipo amachita zomwe wawauza ukalankhula mosazungulira.

Pempho langa n'lakuti mukonze nkhani ija pa tsamba lomwelo pomwe inatuluka. Mtolankhani wanu apite ku koleji ya Montfort ku Nguludi, komwe amasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, akafunse asanalembenso. Musadikire 2 Epulo, tsiku lokumbukira autism padziko lonse, poti aphunzitsi omwe anawerenga nkhani ija ali m'kalasi mawa lomweli.

Kholo lodandaula,
Zomba