Amagwila nsomba n'kuibweza m'madzi, koma si misala

Kuli anthu pa dziko pano amene amauka na 4 koloko m'mawa, kukoka bwato la injini kumbuyo kwa motoka, kuocha mafuta mpaka kudamu, kupsa na dzuwa tsiku lonse, kugwila cinsomba conona, kucijambula, pamene apo n'kucibweza m'madzi. Madzulo abwelela kunyumba cimanjamanja, koma okondwa. Ambili a ife tikamva zimenezi timati, "Awe mwandi, ndalama zikapaka zimabweletsa matenda." Ine lelo nifuna kuwaimililako pang'ono anthu amenewa. Si abululu anga iyai, koma m'masewela ao muli nzelu imene ikhudza mbale yathu ya ndiwo.

Nsomba imene amaikonda kwambili ni bass. Kwao ni ku North America. Ili na cikamwa cacikulu, ndipo imadya tunsomba tunzake, acule na nkhanu. Anaibweletsa ku South Africa mu 1928, inafika ku Zimbabwe, ndipo kuno kwathu ipezeka m'madamu ena a pa mafamu. Bass yochuka kwambili inagwidwa na George Perry ku Georgia mu 1932, yolemela makilo 10. Panapita zaka 77 kuti Manabu Kurita wa ku Japan agwile inzake yolingana nayo mu 2009.

Pa mpikisano wa bass salola nyongolotsi zamoyo kapena kambamu ka nsima pa mbedza, monga mmene ana amawedzela pa kamtsinje. Nyambo iyenela kukhala yabodza, ndipo luso lonse lagona pa kunamiza nsomba. Pali crankbait, kansomba ka pulasitiki kapena ka mtengo kokhala na kamlomo kutsogolo. Ukamakoka cingwe kamamila n'kumagwedezeka monga kansomba kothawa. Pali spinnerbait, waya wopinda wokhala na tuzitsulo tonyezimila tumene tuzungulila m'madzi, ndipo bass imamva kunjenjemela kwake ngakhale madzi ali a matope. Pali nyongolotsi ya pulasitiki, imene Nick Creme anayamba kupanga ku Ohio mu 1949. Nsonga ya mbedza amaibisa m'thupi mwake kuti isakole maudzu. Palinso cule wa labala woyandama pamwamba, amene amagwila bwino m'mawa-mawa na madzulo.

Kusankha nyambo kulingana na nchito ya kondakita wodziwa msewu wake. Iye adziwa kuti 06:00 anthu ali pa sitesheni ya mukomboni, 17:00 ali mutauni. Nayenso wowedza amayang'ana nthawi na madzi. Dzuwa likakwela, bass imathawila pansi kapena mumthunzi wa mitengo yomila, ndiye afunika nyambo yomila. Madzi akayela, asankha nyambo ya mtundu wofanana na tunsomba twa mmenemo. Akada, asankha yowala kapena yaphokoso.

Osaganiza kuti nzelu zimenezi zinayambila kumayadi. Lauri Rapala, amene dzina lake lili pa nyambo zodula masiku ano, anali msodzi wosauka wa ku Finland. Mu 1936 anasema kansomba ka khungwa lopepuka n'kukakulunga na pepala lonyezimila la cokoleti, cifukwa anaona kuti nsomba zikuluzikulu zimathamangila kansomba kopweteka. Anali kufuna cabe kudyetsa banja lake.

Manje tiyeni ku nkhani yeni-yeni. Mipikisano ya ndalama inakula na Ray Scott, wogulitsa inshuwalansi wa ku Alabama, amene anacititsa mpikisano wake woyamba pa Beaver Lake mu 1967. Mu 1971 unayamba mpikisano waukulu wa Bassmaster Classic, wopambana n'kutenga madola 10,000. Zaka zino wopambana amatenga madola 300,000. Poyamba nsomba zonse zogwidwa zinali kuphedwa n'kuunjikidwa pa sikelo, ndipo eni malo anayamba kudandaula kuti alendo awa atitsiliza nsomba. Mu 1972 Scott anayambitsa mwambo wobweza nsomba zamoyo m'madzi. Lelo bwato la mpikisano limakhala na kathanki ka madzi kosungilamo nsomba. Munthu aloledwa kubweletsa nsomba 5 cabe pa tsiku, yaing'ono kupelewela muyeso siiwelengedwa, ndipo ukabweletsa yakufa amakudula mapointi.

Sinikamba kuti ni angelo. Kumene kuli ndalama kuli akawalala. Mu 2022, pa mpikisano wa nsomba ina yochedwa walleye ku Cleveland, amuna awili anagwidwa ataika zitsulo za mtovu m'mimba mwa nsomba kuti zileme pa sikelo. Anakagona m'ndende ndipo bwato lao linalandidwa. Ici cionetsa kuti lamulo lao lili na mano. Ndipo sanayambe kubweza nsomba cifukwa ca cifundo. Anacita masamu. Nsomba zikasila kulibe mpikisano, kulibe wogula bwato, kulibe wogula nyambo.

Masamu amenewa ife tawakana. Caka ciliconse boma imatseka usodzi pa mitsinje na nyanja zambili kuyambila pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, ndipo Kafue ali momwemo. Iyi ndiyo nthawi imene nsomba zambili zimaswana. Mabream ambili amasungila mazila na tuana m'kamwa mwa mai wao, conco ukapha mmodzi mu January wapha mazana. Koma ndani sadziwa kuti m'miyezi imeneyi nsomba za mumtsinje zimafikabe m'misika yathu, zobisidwa pansi pa masaka? Ndani sanamvepo za moskito neti, yopatsidwa kuti iteteze mwana ku malungo, ikukokedwa m'madzi n'kukokolola ciliconse mpaka tosaoneka na maso?

N'cosavuta kuloza cala msodzi. Koma msodzi sangaike moyo wake pa ngozi usiku ngati kulibe wogula. Wogula ni ine na imwe, amene titsika basi pa City Market n'kuloŵa mu Soweto kukafuna ndiwo zochipa. Pambuyo pake ndife amene tidandaula kuti nsomba yadula, kuti bream ya masiku ano ni yaing'ono monga cikhato ca mwana. Dziko lili na Kafue, Zambezi, Luangwa, Bangweulu, Mweru, Kariba na Tanganyika, koma m'mafiliji a m'mashopu mwadzala nsomba zocokela ku Namibia na ku China. Zimenezi ziyenela kuticititsa manyazi.

Nidziwa zimene ena mukamba mumtima. Mukuti wa ku Kabulonga angabweze nsomba cifukwa kunyumba kuli nkhuku mufiliji, nanga msodzi wa ku Chanyanya abweze kuti ana ake adye ciani? Mukamba zoona, ndipo sinimupempha kuti ataye cakudya ca ana. Njala siimvela lamulo. Ngati boma ifuna kuti asodzi apumule miyezi itatu, iyenela kuganizilako zimene adzadya pa miyezi imeneyo, osati kungotumiza maofisala kukaocha maukonde. Koma tikacotsapo zithunzi na zikho, malamulo a anthu a bass ni atatu cabe: kang'ono kasiye kakule, usatenge kupitilila muyeso, wophwanya alangidwe. Palibe cacizungu apa. Ambuye athu kumudzi sanali kudya mbeu yosungila dzinja ngakhale njala ivute bwanji.

Naonso a mabwato a injini nili nao mau. Coyamba, bass yanu ikhale m'damu mmene ili. Akatswili a zacilengedwe anaiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga kwambili zikapelekedwa kumalo acilendo, ndipo ku Western Cape inatsiliza tunsomba twa komweko m'mitsinje ina. Ife taona kale zotele. Nkhanu za ku Australia, zija zochedwa crayfish, zinapulumuka n'kudzala mu Kafue, ndipo manje zimadya nsomba zokodwa mu ukonde msodzi asanafike. Bream ya ku Nile nayo inathawa m'madamu oŵetela n'kuyamba kusakanizana na bream yathu ya mu Kafue. N'zoona kuti kapenta ya ku Siavonga nayo ni mlendo, inatengedwa ku Tanganyika ca m'ma 1967 n'kuikidwa mu Kariba, ndipo yatidyetsa. Koma imeneyo inali nchito ya akatswili a boma, osati munthu mmodzi na baketi usiku cifukwa afuna kuwedzela pafupi na nyumba.

Caciŵili, tili nayo kale nsomba yathu ya masewela. Tiger fish ya mu Zambezi, ya mano monga misomali, imakoka alendo ocokela kutali, ndipo tsidya la Zimbabwe la Kariba lakhala na mpikisano wake kuyambila mu 1962. Mipikisano yotele ikacitika kuno, ndalama zisathele pa loji na pa filling station cabe. Lembani nchito anyamata a m'midzi ya m'mbali mwa madzi, amene adziŵa pogona nsomba kupambana makina anu. Zolemba zanu za kukula na kulemela kwa nsomba muzipeleke ku dipatimenti ya za nsomba. Mnyamata akaona kuti tiger fish yamoyo imamubweletsela ndalama mwezi na mwezi, adzakhala woyamba kuthamangitsa wa moskito neti.

Kwa ife a m'minibasi, mbali yathu ni yaing'ono ndipo siifuna bwato. Kuyambila December mpaka February, funsani amai ogulitsa kuti nsomba yacokela kuti. Ya m'madamu oŵetela na ya m'makheji a ku Siavonga iliko, gulani imeneyo. Mulu wa tubream tosakhwima, ngakhale akuikileni mbasela, upitilileni. Amai aja akaona kuti situyenda malonda adzaleka kuoda, ndipo wa kumtsinje adzaleka kukokolola. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Mu Kafue nsomba zikalimo, ndipo December ikubwelayi tingayambe kuzisiyako kuti ziswane.