Nthungululu ikatha, ndani amamufunsa mwana wamkazi?

Chaka chilichonse, mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akatuluka, m'midzi ya ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota mumamveka nthungululu. Pakati pa mayinawo tsopano pakupezeka ana athu aakazi amene akukaphunzira za makompyuta ndi uinjiniya ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre ndi ku Mzuzu University. Tikuyamika Allah chifukwa cha zimenezi. Koma nthungululu ikatha, ndi ochepa amene amabwereranso kukafunsa ngati mwanayo adafika chaka chomaliza, kapena ngati akugwirabe ntchito imene adaivutikira.

Ife Asilamu a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kuwawa kwa kuchedwa. Agogo athu adakana sukulu za amishoni poopa kuti ana awo atembenuzidwa chipembedzo, ndipo mantha awo sadali opanda chifukwa. Komabe zotsatira zake tidakhala nazo zaka zambirimbiri, pamene aphunzitsi, akalaliki ndi madokotala ankachokera kwina. Lero khomo lina latseguka. Ndalama zikuyenda pa Mpamba ndi Airtel Money, wogula usipa ku Limbe akugwirizana mtengo ndi msodzi wa ku Makanjira pa WhatsApp, ndipo pali anthu amene amamanga ndi kukonza zonsezi. Tikachedwanso ulendo uno, palibe mmishoni amene tidzamuloze chala.

Chipembedzo chathu sichidatsekerepo mkazi khomo la maphunziro. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaika udindo wofunafuna nzeru pa Msilamu aliyense. Al-Shifa bint Abdullah ndiye adaphunzitsa mayi athu Hafsa kulemba. Fatima al-Fihri adamanga mzikiti wa al-Qarawiyyin mumzinda wa Fez m'chaka cha 859, ndipo mpaka lero anthu akuphunzirabe pamenepo. Ku Aleppo, m'zaka za m'ma 900, kudali mayi wotchedwa al-Ijliyya amene ankapanga zipangizo zoyezera dzuwa ndi nyenyezi, zomwe Asilamu ankadziwira nthawi za Swala ndi mbali ya Qibla. Limenelo ndilo lidali luso lamakono la nthawi yake, ndipo mfumu ya mzindawo idamulemba ntchito.

Nanga ana athu amagwera pati? Kawirikawiri amagwa pa zinthu zimene ife akuluakulu timaziona zazing'ono. Maphunziro a makompyuta safuna fizi yokha, amafuna laputopu ndi ndalama za intaneti, ndipo ngongole za boma sizifikira aliyense. Mtsikana wopanda laputopu amabwereka ya mnzake, nthawi zambiri wamwamuna chifukwa anyamata ndiwo ochuluka m'kalasimo, ndipo amaipeza usiku mwiniwake atamaliza zake. Mawa lake ife tomwe tiyamba kung'ung'udza za khalidwe lake, pamene tidamutumiza kudambwe wopanda chida. Wophunzira wosauka ali ndi gawo mu Zakaat. Ngati mudzi umatha kusonkha ndalama zophikira mpunga wa sadaka ya maliro kwa anthu mazanamazana, sungalephere kugulira mwana mmodzi laputopu yogwiritsidwa kale ntchito.

Chigwa chachikulu ndi ukwati, ndipo apa tilankhule mosapsatira. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amaletsa kukwatiwa munthu asadakwane zaka 18, koma lamulolo silimuteteza mtsikana wa zaka 20 amene ali chaka chachiwiri. Mnyamata akabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamoto ndi malata, amalume amayamba kuwerenga zaka ziwiri zotsalazo ngati khumi. Sitikunyoza ukwati, ndi Sunnah, ndipo sumaletsa maphunziro. Chimene tikukana ndi ukwati womwe umayamba ndi mawu akuti "adzapitiriza", kenako nkhaniyo n'kufera m'mazira. Ife mashehe amene timamangitsa Nikah tili ndi mpata umene ena alibe. Tisadayambe khutba, timufunse mkwati pamaso pa waliy ndi mboni ngati akulola kuti mkazi wake amalize sukulu ndi kugwira ntchito yake, ndipo yankho lake lilembedwe pamodzi ndi mahari. Lonjezo la Msilamu ndi ngongole, ndipo loperekedwa pamaso pa anthu silitayika msanga.

Amene wadutsa zonsezi amakakumana ndi zina kuntchito. Amapezeka ali mkazi yekha pakati pa amuna khumi, anzake akutumizidwa kukakonza makina, iye akuuzidwa kulemba zokambirana pamsonkhano. Ena amamuyang'ana hijab m'malo moyang'ana satifiketi, ngakhale kuti nkhani ya hijab m'sukulu atsogoleri a zipembedzo adaikambirana n'kugwirizana mu 2021 kudzera ku Public Affairs Committee. Choipitsitsa ndi bwana amene amafuna thupi posinthana ndi ntchito. Makolo adziwe kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa mchitidwe umenewu, ndipo lamulo la ntchito limapatsa mayi masabata asanu ndi atatu a tchuthi cha uchembere akulandira malipiro ake. Mwana akabwera kunyumba kudzadandaula, yankho lisakhale lakuti "ingosiya, tidanena kale". Mupite naye kukadandaula kumene kukuyenera. Akasiya iye, wolakwayo amatsala pampando kudikira mwana wa wina.

Amalonda achisilamu a ku Limbe, Lilongwe ndi Mangochi, masitolo ndi makampani anu onse akuyenda ndi makompyuta. Mukafuna wokonza, kodi mudayamba mwafunsapo ngati pali mtsikana wa pa jamaa panu amene akusowa kophunzirira ntchito? Kachipinda koswalira ndi nthawi yoweruka kusadade sizingagwetse bizinesi yanu.

Tikupempha makomiti a mizikiti kuti Ramadhan isadafike, pamene ambiri amatulutsa Zakaat, alembe mayina a atsikana a m'dera lawo amene ali m'makoleji, chaka chimene afika ndi chimene akusowa. Amayi awiri a m'komiti apatsidwe udindo wowaimbira foni kumayambiriro ndi kumapeto kwa teremu iliyonse, ndipo zimene apeza azikanena pamsonkhano wa komiti.